Matayala aja a pikiapu ndawayesa tsopano

Miyezi ingapo yapitayo ndinafunsa ngati matayala amene pikiapu imachoka nawo kufakitale angapirire misewu yafumbi. Ena munati ndiwasinthe nthawi yomweyo, koma ndinafuna ndione kaye ndekha.

Anga ndi a H/T, opangidwira tala, ndipo patala alibe vuto: sachita phokoso, galimoto siimwa mafuta kwambiri, mvula ikagwa amagwira bwino. M'matope ndiye ndinavutika zedi. Mizere yake ndi yothinana, matope anangodzaza, tayala n'kukhala see, likungozungulira pamodzimodzi ngakhale nditaika 4x4. Pamchenga kuphwetsako mpweya pang'ono kunathandiza.

Chinandiwawa ndi mwala wakuthwa umene unang'amba m'mbali mwa tayala lakumbuyo. M'mbalimo ndi mopyapyala, ndipo simumatika. Mvula isanayambe ndigula a A/T, opangidwira tala ndi misewu yafumbi yomwe, phokoso lakelo ndipirira nalo.