Makakana akufa m'damu chiyambireni kutentha kwa Okutobala

Mlimi wa ku Ngabu:
Alimi anzanga, ndikupempha nzeru pa damu langa la makakana, momwe ndinaika nsomba zisanu pa sikweya mita iliyonse ndipo ndimazidyetsa chakudya chogula. Chiyambireni kutentha kuno, m'mbandakucha nsomba zimadzaza pamwamba kukamwa kuli yasa, zina zikusambira mozungulira maso atatong'oka, ndipo tsiku lililonse ndikuvuula zakufa. Wina wandilangiza kuti ndithire mankhwala opha mabakiteriya a oxytetracycline m'madzimo. Kodi ndichite zimenezi?

Mlimi wa ku Nchalo:
Bambo, musathire kaye. Tiuzeni mmene madziwo akuonekera, ndiponso mutapeko matope a pansi kuti mumve fungo lake.

Mlimi wa ku Ngabu:
Zikomo mayi. Madzi ndi obiriwira kwambiri moti chikhatho chimabisika mkono usanamire n'komwe mpaka m'chigongono. Matope ndi akuda bii, akununkha ngati mazira ovunda, ndipo pamalo odyetsera ndapezapo chakudya chowola chambiri.

Katswiri wa za nsomba, Chikwawa:
Bambo, mavuto anu ndi awiri koma gwero lake ndi limodzi. M'damu lililonse mumakhala mabakiteriya osiyanasiyana, ndipo ambiri mwa iwo ndi amene amakugwirirani ntchito. Nsomba zimatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni. Mabakiteriya a Nitrosomonas amamusandutsa nitrite, kenaka a Nitrobacter ndi Nitrospira amasandutsa nitriteyo kukhala nitrate, yemwe savulaza kwenikweni. Onsewa amafuna mpweya wa okosijeni, ndipo amaswana pang'onopang'ono. Chakudya chotsala chikaunjikana pansi, mabakiteriya owoletsa amamaliza mpweya m'matope, ndipo pamenepo pamakula mtundu wina wosafuna mpweya, womwe umatulutsa mpweya woipa wa hydrogen sulphide, fungo la mazira lomwe mwamvalo. Onjezerani kuti madzi otentha amasunga mpweya wochepa, komanso kuti ndere zimapanga mpweya masana okha pamene usiku zimaugwiritsa ntchito, mumvetsa chifukwa chake nsomba zikubanika kukamacha. Masana nako sikwabwino, popeza ndere zimakweza pH (muyeso wa asidi m'madzi, womwe umakwera asidi akachepa), ndipo pH ikakwera madzi ali otentha, ukali wa amoniya umakula.

Nsomba yofooka motere ndiyo imagwidwa msanga. Kuzungulira ndi kutong'oka maso zimafanana ndi matenda a bakiteriya wa Streptococcus, omwe amavuta madzi akapitirira madigiri 30, chinthu chosadabwitsa kuchigwa kuno, ngakhale kutsimikiza kwake n'kwa kulabotale. Mankhwala othira m'madzi adzapha mabakiteriya osefa amoniya aja, pamene oyambitsa matendawo ali mu ubongo ndi m'magazi a nsomba momwe sawafikira bwino. Lekani kudyetsa masiku awiri kapena atatu, nsomba sizifa ndi njala yotere, ndipo mukayambiranso muchepetse. Tulutsani madzi a pansi n'kulowetsa atsopano usiku, lekani kuthira manyowa, ndipo zakufa muzikwirira kutali chifukwa zamoyo zikazijompha zimatenga matendawo.

Mlimi wa ku Bangula:
Akuluakulu, kodi si matenda a zilonda aja omwe anabuka ku Mchinji mu 2020? Ndinamvanso kuti molasesi, zotsalira popanga shuga, amachotsa amoniya, ndipo kuno kwa nzimbe sangatisowe.

Katswiri wa za nsomba, Chikwawa:
Achimwene, matenda a ku Mchinji aja, otchedwa EUS, amayamba ndi nkhungu ya m'madzi ya Aphanomyces invadans osati bakiteriya, amaoneka ndi zilonda zakuya zofiira, ndipo amakonda nyengo yozizira. Za molasesi n'zoona kuti shuga wake amachulukitsa mabakiteriya omwe amadya amoniya, koma iwowo amadyanso mpweya wambiri, choncho njirayi imayenda pokhapokha pali makina opopera mpweya usana ndi usiku. M'damu lomwe nsomba zikubanika kale, molasesi akhoza kuzimaliza usiku umodzi.

Mlimi wa ku Nchalo:
Ine ndingoonjezera kuti nsomba zomwe zakula kale ndipo zili bwino muzikolole kuti damu lipepuke, ndipo khoka lanu musabwereke aliyense panopa. Mukakolola zonse muphwetse damu, matope aume mpaka kung'aluka, muwazemo laimu musanaikemo mbewu ina.

Mlimi wa ku Ngabu:
Ndathokoza nonse. Chakudya ndaleka lero, ndipo pampu ndiiyatsa pakati pa usiku. Kodi nsomba zopita nazo kwa alangizi a za nsomba ku Kasinthula kuti zikayezedwe zikhale zakufa kale?

Katswiri wa za nsomba, Chikwawa:
Ayi bambo, tengani zodwala zikadali zamoyo m'ndowa ya madzi a m'damu lomwelo, popeza yakufa imadzaza msanga mabakiteriya owoletsa omwe amasokoneza zotsatira. Mutengenso madzi m'botolo loyera, otungidwa dzuwa lisanatuluke.