Mikanda ikuthetheka pabowo, ndipite kukaphunzira?

Wa ku Kawale: Anzanga opanga mikanda ya polymer clay (dongo lochita kugula, louma ukaliwotcha mu uvuni), ndithandizeni. Kasitomala wandibwezera mikanda ya m'khosi, akuti akangoikoka pang'ono ikuthetheka pabowo. Dongo ndi la mtundu wa Fimo, ndimawotcha m'kauvuni kakang'ono ka magetsi. Ndamva za maphunziro opanga mikanda a Loweruka, koma ndalama yake ndi yoti ndingagulire dongo lambiri. Ndipite, kapena vuto lili pena?

Wa ku Area 25: Achemwali, mumawotcha nthawi yaitali bwanji?

Wa ku Kawale: Ndikaona kuti yalimba ndimatulutsa. Theka la ola silikwana, ndimaopa kupsereza.

Wa ku Area 25: Ndi pomwepo. Dongo ili si la kudambo, ndi pulasitiki wa PVC, ndipo limagwirana kutentha kukakwana n'kukhalitsa. Fimo imafuna madigiri 110 kwa mphindi 30, zalembedwa papaketi. Premo, mtundu wina wa dongoli, ndi 130, mphindi 30 pa mamilimita 6 aliwonse a kunenepa kwake. Mkanda wosapsa kunja umaoneka bwinobwino, koma mkati uli ngati bisiketi. Chopsereza si nthawi ayi, ndi moto wopitirira muyezo.

Wa ku Biwi: Ndiwonjezerepo asisi. Timauvuni timeneti manambala ake musawakhulupirire. Mutha kuika pa 110, mkati muli 90 kapena 150. Gulani thermometer ya mu uvuni, muiike pambali pa mikanda, uvuni uyambe watentha musanalowetse kanthu. Mikanda muigoneke pa soda kapena cornflour kuti isaphwatalale pansi, muvindikire ndi foil kuti mawaya otentha a pamwamba asaiwaule. Magetsi akathima pakati musataye, akabwera yambiraninso kuwerenga mphindi. Dongoli limalola kuwotchedwa kawiri.

Wa ku Chinsapo: Nanga mumakanda mokwanira? Likamang'ambika m'mbali mukalipinda, ndiye kuti silinafewe. Komanso kutentha kwa Okutobala uku musalisunge pafupi ndi malata kapena pawindo, limayamba kuuma lili m'paketi.

Mayi wa ku Area 47: Mwanawe, ine maphunziro ndinapitako ndipo sindidandaula. Koma za uvunizi anzakowa akuuza kale kwaulere. Chimene manja a mphunzitsi amakuonetsa n'china: kusakaniza mitundu kuti izilowana pang'onopang'ono pamakina a pasta (opsinja dongo kuti lipyapyale), kupanga ma cane, timipukutu ta dongo toti maluwa azioneka pa kagawo kalikonse ukadula, ndi kuboola. Singano umailowetsa ukuipotoza, ikangotulukira nsonga umaizula n'kulowetsanso mbali inayo, bowo limakhala losalala. Usanalipire, funsa ngati mudzawotche pomwepo, komanso ngati aliyense adzagwire dongo lake. Ngati n'zongoonerera munthu mmodzi patebulo, sunga ndalama yako. Ndipo wina akadzakuuza kuti uzipaka polishi wa zikhadabo kuti mikanda iwale, kana, imadzayamba kumata pakapita miyezi. Sandipepa wa m'madzi, 400 kenako 600 ndi 800, n'kupukuta ndi nsalu ya jinzi, basi.

Wa ku Kawale: Zikomo amayi, zikomo nonse. Ndabwereka thermometer, uvuni wanga ndikaika pa 110 sukufika n'komwe pa 100. Ndakwezako, ndawotcha kachidutswa kopyapyala mphindi 30, kakupindika osathyoka. Mikanda yotsala ija ndiibwezeramo usiku uno. Maphunziro ndipita mwezi wamawa chifukwa cha ma cane. Ndani ali ndi makina a pasta ogulitsa, ngakhale ogwiritsidwapo kale ntchito?

Wa ku Biwi: Anga sindigulitsa, koma bwerani Lachitatu masana mudzayesere.