SSD yatsopano sikuoneka pa kompyuta, ndalakwitsa pati?

Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi kashopu ku Ndirande komwe ndimatayipa makalata ndi kuikira anthu nyimbo m'mafulashi. Hadi disiki ya desktop yanga, ya 500GB, yayamba kugogoda mkati kuti ke-ke-ke, ndipo ukaiyatsa m'mawa tiyi amazizira Windows isanatseguke.

Loweruka ndinakagula SSD ya 256GB ku Limbe, disiki yosungira mafayilo yothamanga kuposa hadi disiki. Ndalumikiza kakebulo kofiira kapyapyala kaja, ka SATA, mbali ina pa SSD, ina pa motherboard pomwe palembedwa SATA2. Kuyatsa, pa This PC, pomwe Windows imaonetsa madisiki, SSD ija sikuoneka. Ndi yakufa kodi? Mkazi wanga wayamba kale kundifunsa za ndalamazo. Mu hadi disiki yakaleyo muli mavidiyo a zinkhoswe za anthu omwe sanadzatengebe, ndiye ndikuopa kumangogwiragwira.

Wa ku Chilomoni: Achimwene, mwangotchula kebulo imodzi. SSD imafuna ziwiri. Kofiirako n'ka mapini 7, kamangonyamula mafayilo basi. Ya magetsi ndi yotakata, ya mapini 15, imachokera ku power supply. Zonse zili ndi kangodya konga L, zimalowa njira imodzi yokha. Ikakana tembenuzani, musakakamize, pulasitiki yake sichedwa kuthyoka.

Mwini funso: Aaa, manyazi bwanji! Koma yotakatayo zilipo ziwiri zokha, ina ili ku hadi disiki, ina ku DVD. Yatsala yoyera ya mabowo anayi. Wogulitsa uja anati ali ndi adaputa yake.

Wa ku Chilomoni: Yoyerayo ndi Molex. Maadaputa otchipa aja ena amasungunuka, ine ndinamvapo fungo la waya wopsa m'nyumba usiku. DVD munaigwiritsa ntchito liti komaliza? Zulani kumeneko mupatse SSD.

Wa ku Bangwe: Ndionjezereko bwana. Musanalowetse dzanja zulani pulagi kukhoma, mugwire kaye chitsulo cha kesi. Mukayatsa dinani F2 kapena Del muone ngati BIOS, pulogalamu ya motherboard yomwe imayamba Windows isanatseguke, yaiona SSD. Ikaoneka kumeneko koma osati pa This PC, musathamangire ku Limbe kukakalipa. Disiki yatsopano imafuna kaye Initialize ndi format mu Disk Management. Koma tsegulani maso posankha, mukaloza ya 500GB ija zinkhoswe za eni zapita.

Nambala ya SATA2 ija ndi dzina la bowo chabe. Liwiro onani m'buku la motherboard: SATA II ndi 3Gb/s, SATA III ndi 6Gb/s. Ngati lothamangalo lilipo, SSD ikhale pamenepo.

Mwini funso: Yaoneka! Zikomo mabwana. DVD ija ndaizula, munali fumbi lokhalokha. Panopa ndikukopera mavidiyo aja kaye disiki yakale isanafe, bola magetsi asathime. Za kusamutsa Windows ndibweranso mawa.