Makala akukana kugwira pamithunzi yakuda kwambiri

Moni nonse m'gulu lino, makamaka inu amene munaphunzira zojambula ku koleji.

Vuto lili pa chithunzi cha munthu chojambula ndi makala kwa maola 6, pa pepala lojambulapo la cartridge, lalikulu la saizi ya A1, lolemera 160 gsm. Ndimayala mithunzi ndi makala ofewa a mtengo wa willow, kusalaza ndi kansalu, kenako kutsegula powala ndi labala yofewa ija youmbika ngati dongo. Mpaka apo zimayenda. Koma pansi pa chibwano ndi m'khwapa, pofunika mdima weniweni, makala a compressed (opanikizidwa, akuda kwambiri aja) amangoterera. Zikuoneka kuti timaenje ta pepala tadzaza kale fumbi, palibenso pogwira.

Ndayesa kupopera fixative (mankhwala omatira makala pa pepala) kawiri, nditatalikira masentimita 30. Makala anagwirako pang'ono, koma mithunzi yapakati inada, mawonekedwe a tsaya n'kusowa. Pensulo ya 6B ndiye ayi, imanyezimira pambali pa makala.

Kodi ndikusalaza msanga, kapena pepalali ndi losalala kwambiri? Ndikasinthira ku lokhakhala ngati Canson Mi-Teintes, mizere yopyapyala ya maso ndi zala idzatulukabe bwino? Nanga inu malo akuda mumawaika poyamba kapena pomaliza?