Telesikopu ya mainchesi 6: ndigule kuti ndione Centaurus A?

Wa ku Chilenje: Abale, pali munthu akugulitsa telesikopu yakale ya mainchesi 6. Mtima wanga uli pa mlalang'amba wa Centaurus A, ndione majeti ake aja, mitsinje ya mpweya yotuluka pakati pake mothamanga kwambiri, amene akuti anazima n'kuyakanso. Ndigule?

Aphunzitsi: Mlalang'ambawo mudzauona, achimwene. Uli pa mtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 12 miliyoni, ndipo kuno ku Lusaka umakwera bwino cha kum'mwera mu Epulo ndi Meyi. Mudzaona kachinthu kotuwa, kodulidwa pakati ndi mzere wakuda wa fumbi. Koma majetiwo iwalani, amaonekera m'mafunde a wailesi.

Wa ku Matero: Ndiye ndalamazo zingopita pachabe. Gulani RTL-SDR, kachipangizo kolumikiza ku kompyuta kogwira mafunde a wailesi.

Aphunzitsi: Nakonso sikafika. Mukakalumikiza ku mlongoti wabwino kamagwira haidrojeni wa mlalang'amba wathu pa 1420 MHz, basi. Zimene akufuna achimwenewa n'zina. Dzenje lakuda (black hole) la pakati pa mlalang'amba likamadya mpweya limalavula majeti awiri, uku ndi uku, ndipo majetiwo amafufumitsa mitambo iwiri ikuluikulu. Chakudya chikatha majeti amazima, mitambo ija imatsala ikuzirala ngati makala a m'mbaula. Ma elekitironi amphamvu kwambiri ndiwo amayamba kutopa, n'chifukwa chake mitambo yakale imaoneka bwino pa mafunde otsika, monga amene imagwira LOFAR, telesikopu ya wailesi ya ku Ulaya. Dzenje likayambanso kudya, majeti atsopano amaboola m'kati mwa mitambo yakale ija, momwe mpweya ndi wopepuka, n'kupanga mitambo ina iwiri pafupi ndi pakati. Mukaona zithunzi za wailesi za mlalang'amba wina wotchedwa B1834+620, mitambo yonse inayi yangondandalika mzere umodzi. Zimanditenga mtima kwambiri, mbiri yonse ya mlalang'amba ili poyera.

Wa ku Matero: Nanga si ndanena? Zithunzi za MeerKAT, telesikopu ya wailesi ya ku Karoo ku South Africa, zili pa intaneti. Onani mlalang'amba wina wa majeti, Fornax A, pafoni, ndalamazo mugulire mabando.

Mayi a Mapasa: Ine sindikuvomereza. Ana anga anaona Saturn ndi maso awo, mpaka lero amakambabe. Foni siingawapatse zimenezo.

Wa ku Chilenje: Zoona amayi. Aphunzitsi, mukanakhala inu?

Aphunzitsi: Ndikanagula, bola galasi lisakhale ndi nkhungu ndipo miyendo isagwedere. Mukaliyese usiku musanalipire. Komanso magetsi a m'tauni amaphimba mzere wafumbi uja, muyenera kutuluka cha ku Chongwe mwezi ukakhala kulibe.

Wa ku Chilenje: Ndimuuza abwere nayo Loweruka madzulo. Amene ali ndi galimoto andiuze, mafuta tisonkherana.