Mzime wathu wakonda agulugufe, timuthandize bwanji osamulanda?

Mayi wa ku Matawale

Moni nonse. Ndili ndi ana atatu. Woyamba amakhoza bwino m'kalasi, wachiwiri ndi katswiri pa mpira, ndiye mzime wathu, mtsikana wa zaka 7, kulikonse amangoti "mng'ono wake wa uje". Pakati pa akulu ake sayankhula. Koma chiyambire mvula akumaswera pa mtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba kuyang'ana agulugufe, ndipo akayamba kufotokoza za iwo sasiya. Watolako mbozi n'kuziika m'botolo koma zonse zikufa, iye n'kumalira. Tikulakwitsa pati? Komanso ndichite bwanji kuti chinthuchi chikhale chakechake?

Bambo wa ku Domasi

Mayi, botolo lotseka ndi lomwe likupha mbozizo. M'kati mumachita thukuta, ndowe zake zimachita nkhungu, ndipo dzuwa likangowomba botolo kwa mphindi zochepa mbozi imapsa.

Mwayi wake ndi wakuti mtengo woyenera muli nawo kale. Gulugufe wamkulu wakuda wa madontho achikasu amene amazungulira pa mandimu, malalanje ndi manachesi dzina lake la sayansi ndi Papilio demodocus, ndipo ndi wosavuta kuweta. Amaikira dzira limodzilimodzi pa nsonga zanthete, lozungulira, ngati milimita imodzi kukula kwake. Limaswa sabata isanathe. Kambozi kake kakadali kakang'ono kamakhala kabulauni ndi koyera, kofanana ndi chitosi cha mbalame, n'chifukwa chake ambiri amakapitirira. Ikafundula komaliza imasanduka yobiriwira, yotalika pafupifupi masentimita 4. Mukaikhudza imatulutsa tinyanga tiwiri tofewa kuseri kwa mutu, tonunkha moipa. Sitiluma, mwana asaope.

Pezani chigubu choonekera m'kati cha malita 5, muchitsuke bwino n'kuchidula kumwamba. Pansi yalani pepala, ndipo lizisinthidwa tsiku lililonse. Pamwamba mangani nsalu yopyapyala ndi mphira. Apa chenjerani kwambiri: musadule neti ya udzudzu. Maneti amene timalandira ku chipatala ndi onyikidwa m'mankhwala ophera tizilombo, ndipo mbozi nayonso ndi kachilombo. Chigubucho chisakhale m'chipinda chomwe mumapopera mankhwala kapena kuyatsa koyilo. Pakhonde pa mthunzi ndi pabwino. Chikhazikeni pa njerwa, njerwayo ili m'beseni la madzi pang'ono, kuti nyerere zisakwere.

Chakudya ndi masamba a mtengo umene mwaipezapo basi. Mbozi ya pa mandimu sidya chisoso kapena mpiru, imalolera kufa ndi njala. Thyolani kanthambi ka masamba anthete, kaikeni m'kabotolo ka madzi, ndipo pakamwa pa kabotolo mutseke ndi thonje kapena pepala, chifukwa mbozi imatsika n'kumira. Ngati mtengo unapoperedwa mankhwala posachedwa, masamba ake ndi poizoni. Mbozi zisapose 3 m'chigubu chimodzi.

Ikangokhala duu tsiku lonse osadya, siinadwale, ikufuna kufundula. Musaikoke pa tsamba. Ikafunika kusamutsidwa, dulani tsamba lomwe yakhalapo n'kuliika pa kanthambi katsopano, idzayenda yokha.

Mlangizi wa ku Thondwe

Ndipitirize pomwe bambo a ku Domasi asiyira, chifukwa ana ambiri amakhumudwa pa chikwa. Pakatha masabata 3 kapena 4 nyengo yotentha, mbozi imasiya kudya, imatulutsa ndowe zamadzi, n'kuyamba kuyendayenda. Pa nthawi imeneyo m'chigubu mukhale kamtengo kouma kokhakhala, kotsamira, kotalika masentimita 20 kapena kuposa. Imadzimangirira kumchira ndi ulusi wake, n'kudzizunguliza ulusi wina m'chiuno ngati lamba, kenako n'kusanduka chikwa. Masiku awiri oyamba musagwedeze, chikwa chimakhala chofewa.

Gulugufe amatuluka pakatha masabata 2 kapena 3. Kukazizira, ngati mu June ndi July kuno ku Zomba, chikwa chimatha kukhala nthawi yaitali kuposa apo, choncho musafulumire kutaya. Tsiku loti mawa atuluka, maanga a mapiko amayamba kuonekera kudzera pa khungu la chikwa. Nthawi zambiri amatuluka m'mawa, ndiye mwana adzuke msanga. Amatuluka mapiko ali okwinyika, ndipo amafunika kulendewera momasuka ola limodzi kapena awiri kuti awongoke n'kuuma. Akagwa pansi kapena malo akachepa, mapiko amauma opindika ndipo sadzaulukanso. Timadzi tabulauni tomwe amadontheza si magazi, ndi zotsalira za m'chikwa. Mumasuleni tsiku lomwelo dzuwa litakwera.

Mumuuziretu mwana kuti si zonse zimene zimafika pouluka. Pali timavu ndi ntchentche zina zomwe zimaikira mazira m'thupi la mbozi ikadali pa mtengo, ndiye m'chikwa mumatuluka mphutsi kapena kamavu. Limenelo si vuto la kasamalidwe kake. Njira yochepetsera ndi kutola dzira kapena kambozi kakang'ono kwambiri, osati yaikulu kale.

Pa chitetezo: mbozi zaubweya, ziyabwe zija, asazigwire ndi manja. Gulugufe wa mapiko ofiirira ngati lalanje, a nsonga zakuda ndi zoyera, Danaus chrysippus, mbozi yake imadya zomera zotulutsa utomoni woyera ngati mkaka, ndipo utomoniwo ndi woopsa m'maso. Ameneyo adikire kaye mpaka akuleko.

Aphunzitsi a ku Chinamwali

Funso lanu lachiwiri ndi limene landigwira mtima, mayi. Mwana wotere safuna kumuyamikira kwambiri, amafuna kuti pakhale chinthu chimene m'nyumba monse wodziwa ndi iyeyo. Mugulireni kope lakelake ndi makrayoni. Tsiku lililonse alembe deti, ayeze mbozi ndi rula osaikhudza, ajambule zimene waona. Zojambula zikhale zokhota, zilembo zolakwika, zisiyeni choncho. Mkulu wake wanzeru uja akangoyamba kumukonzera kope, basi lasanduka la mkuluyo.

Akulu ake musawaletse kuyandikira, koma apatseni ntchito pansi pa iye. Wina adule chigubu poti mpeni ndi woopsa, wina athyole nthambi zapamwamba, koma wonena kuti tsamba ili inde, ili ayi akhale mwini wake. Mlendo akafunsa za chigubu chili pakhonde, inu musayankhe, nenani kuti "afunseni eni ake". Ndipo mawu akuti "nayenso ali ndi luso ngati akulu ake" muwapewe, chifukwa akumubwezera pa muyeso womwewo umene akuuthawa.

Malawi ali ndi mitundu ya agulugufe yoposa 400, ndipo Zomba ndi malo abwino kuyambirapo. Mupite naye ku Botanic Garden m'mphepete mwa mtsinje wa Mulunguzi pakati pa 9 koloko ndi 12 koloko dzuwa likuwala, makamaka kuyambira February mpaka April. Ayang'ane pa mchenga wonyowa, pomwe amphongo amasonkhana kuyamwa mchere wa m'dothi. Tsiku lina mukakwera phiri kufika ku Williams Falls adzaona mitundu ya m'nkhalango yomwe m'tauni sapezeka kawirikawiri. Funsaninso ku sukulu yake ngati kuli kalabu ya zachilengedwe, poti bungwe loona za nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM (Wildlife and Environmental Society of Malawi) limagwira ntchito ndi makalabu otere m'sukulu.

Mayi wa ku Matawale

Zikomo kwambiri nonse, za neti ija mwatithandiza. Nanga tibzale chiyani kuti azibwera ambiri pakhomo? Anzathu akuti lantana.

Mlangizi wa ku Thondwe

Lantana amakokadi agulugufe, koma musabzale. Ndi chomera chowononga, mbalame zimafalitsa njere zake paliponse, chimapha ziweto zikadya masamba, ndipo zipatso zake zosapsa ndi zoopsa kwa ana. Bzalani zinnia, cosmos ndi marigold a maluwa osapanikizana, pamalo a dzuwa pomwe mphepo siwomba kwambiri. Muzibzala mtundu umodzi pamodzi, kabedi ka mita imodzi mbali zonse, chifukwa duwa limodzi lotalikirana ndi linzake gulugufe saliona msanga.

Pali agulugufe ena akuluakulu othamanga, a mtundu wa Charaxes, amene maluwa alibe nawo ntchito kwenikweni, amafuna zipatso zowola. Phwanyani nthochi 2 zopsa mpaka kuda, thirani supuni imodzi ya shuga, vundikirani masiku awiri kuti zisase, kenako ikani pa mbale yakale pa chitsa kapena pa nthambi, pamene pali mthunzi wa apo ndi apo. Njuchi ndi mavu nazonso zimabwera, choncho mbaleyo ikhale kutali ndi khomo ndipo mwana aziyang'ana ataima mapazi angapo kuchokera pamenepo. Akafuna kumuona pafupi ayende pang'onopang'ono, chithunzithunzi chake chisagwere pa gulugufe, apo ayi amauluka nthawi yomweyo.