Kagalu kosakira mbalame ka masabata 10: ndikamasule kutchire panopa kapena ndidikire?

Wofunsa:

Moni akuluakulu. Ndili ndi kagalu ka mtundu wa German Shorthaired Pointer (agalu osakira mbalame amene amaima n'kuloza kumene zabisala) ka masabata 10. Kalandira katemera woyamba ndiponso mankhwala a njoka zam'mimba. Malangizo amene ndikumva akusemphana. Ena akuti kasaponde kutchire mpaka katemera yense atatha, ndipo kasachoke pachingwe kasanadziwe kubwera kakaitanidwa. Ena akuti nthawi yabwino yokamasula ndi inoyi. Ndiyambe liti, kwa mphindi zingati, pamalo otani? Nanga kakathamangira kutali ndizitani?

Mlenje_wa_zinziri:

Kamasuleni achimwene, musachedwe. Kuyambira masabata 8 mpaka cha m'ma 16 kagalu kamaopa kutsala kokha, choncho kamakutsatani popanda kukaphunzitsa. Mtima umenewu sukhalitsa. Pofika miyezi 4 kapena 5 miyendo yatalika, mphuno yatseguka, ndipo galu amene akuliona tchire koyamba pamsinkhu umenewo ndiye amene amaliyatsa liwiro osacheukanso.

Sankhani malo a udzu waufupi, wosakapitirira m'mapewa, kutali ndi msewu mamita 200 kapena kuposa, kopanda ziweto. Kanyamuleni mpaka pakati, kaikeni pansi, kanunkhize kaye, kenaka yambani kuyenda osanena kanthu. Mphindi 10 mpaka 15 zakwana. Yendani moyang'anizana ndi mphepo kuti fungo lizikapeza pamphuno, ndipo muziyenda mokhotakhota, mapazi 20 kumanzere, 20 kumanja. Kakakupitirirani, inu khotani. Kakadzutsa mutu n'kupeza mwalowera kwina kadzathamanga kukupezani, ndipo apa m'pamene kamaphunzira kuti kudziwa kumene muli ndi ntchito yake, osati yanu. Kusaka mopingasa kutsogolo kwa mlenje kumayambira pamenepa.

Chovuta kwa ambiri ndi kutseka pakamwa. Mukamakaitana mosalekeza mumaononga zinthu ziwiri. Dzina lake limasanduka phokoso wamba, komanso mawu anu amakauza kumene muli, ndiye kalibe chifukwa chocheukira. Itanani pokhapokha kakubwera kale. Gwadani, imbani likhweru lomwe mudzagwiritse ntchito moyo wake wonse, kapatseni kachidutswa ka nyama, kenaka kasiyeni kapitenso. Ngati kuitana kulikonse kukuthera pa chingwe ndi ulendo wa kunyumba, kadzayamba kuima patali mamita awiri n'kumakuzembani dzanja.

Kubisala kuseri kwa mtengo kumathandiza kakayamba kukuiwalani, koma kamodzi kapena kawiri basi, inu mukukaona, ndipo tulukani kasanayambe kulira. Mukachulutsa mudzakhala ndi galu womatirira m'miyendo, pomwe pointer amayenera kusakira patali.

Kakathawa musakathamangitse, kwa iko amenewo ndi masewera ndipo kadzakupambanani. Thamangirani mbali ina mukuomba m'manja, kapena khalani pansi. Kakabwera, ngakhale kakuchedwetsani bwanji, musakamenye. Kamagwirizanitsa chilango ndi chomwe kachita pomaliza, ndipo chomalizacho ndi kubwera kwa inu.

Wa_zaumoyo_wa_ziweto:

Zakayendetsedwezo ndikugwirizana nazo, koma mawu akuti "musachedwe" ali ndi malire. Kachilombo ka parvo, koyambitsa matenda oopsa osanza ndi kutsegula m'mimba mwa agalu, kamatuluka m'chimbudzi cha galu wodwala ndipo kamatha kukhala m'dothi miyezi yambiri, mwina kupitirira chaka. Katemera mmodzi pa masabata 10 si chitetezo chodalirika. Chifukwa chake n'chakuti chitetezo chimene kagalu kamayamwa mumkaka woyamba wa make chimalepheretsa katemera kugwira, ndipo chimatha pa nthawi zosiyana, kwa ena msanga, kwa ena mpaka cha m'masabata 14 kapena 16. N'chifukwa chake katemera amabwerezedwa pakatha masabata 3 kapena 4 aliwonse, womaliza n'kuperekedwa pa masabata 16 kapena kupitirirapo. Pakatipa pamakhala masiku ena pomwe chitetezo cha make chafooka koma cha katemera sichinakhazikike.

Kutsekera kagalu m'nyumba mpaka nthawiyo nako kuli ndi mtengo wake, chifukwa nyengo imene kamazolowera zinthu zachilendo mosavuta imatha cha m'masabata 12 mpaka 14. Ndiye nkhani yagona pa malo. Munda wotchingidwa kapena tchire la mwini wake kumene agalu ena safika, pitani, ndipo kanyamuleni podutsa poimika magalimoto ndi m'tinjira. Ngati m'dera lanu agalu amangoyendayenda kapena parvo wamveka posachedwa, chitani zomwezo m'bwalo lotchingidwa mpaka patatha sabata imodzi kapena ziwiri chilandirireni katemera womaliza. Dokotala wa ziweto wa kwanuko ndiye akudziwa mmene matenda alili. Mufunsenso za katemera wa chiwewe, yemwe nthawi zambiri amayamba pa masabata 12.

Madzi muzinyamula anu. M'zithaphwi ndi momwe mumakhala tizilombo ta matenda a leptospirosis, tochokera mumkodzo wa makoswe ndi nyama zina. Mankhwala a nkhupakupa werengani msinkhu ndi kulemera kolembedwa pa paketi, ambiri amayambira pa masabata 8. Mukabwerera, kafufuzeni m'makutu, m'maso, pakati pa zala, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Njere za udzu zosongoka zili ndi timinga toyang'ana kumbuyo, zikalowa zimangopitirira mkati. Kupukusa mutu, kuyetsemula motsatizana kapena kunyambita phazi limodzi mosalekeza ndi zizindikiro zake. Nkhama zotuwa, kukana chakudya ndi mkodzo woderapo patapita masiku mutachotsa nkhupakupa, thamangirani kwa dokotala tsiku lomwelo.

Mafupa a agalu a mtundu umenewu amamaliza kukhwima pakati pa miyezi 12 ndi 18. Kuthamanga mwakufuna kwake pa dothi lofewa, n'kumapuma kakafuna, kulibe vuto. Choipa ndi kukathamangitsa pambuyo pa njinga, kukadumphitsa kuchoka m'galimoto, kapena kukayendetsa ulendo wa agalu akuluakulu. Mawu amene anthu amanena akuti kagalu kaziyenda mphindi 5 pa mwezi uliwonse wa msinkhu ndi muyeso wongothandiza kuyerekeza, si lamulo. Yang'anani kagaluko. Kakayamba kutsalira kapena kugona pansi, ulendo watha, kanyamuleni. Pitani m'mawa kusanatenthe, poti galu amadziziziritsa makamaka ndi kupuma wefuwefu. Thupi lake limakhala pa madigiri 38 mpaka 39, likapitirira 40 zinthu zaipa. Lilime likatalika n'kutambasuka kunsonga, kaikeni pamthunzi ndi kukathira madzi ozizira pamimba ndi m'mphechepeche.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse. Malo otchingidwa alipo. Nanga chingwe chachitali chija chongokhwekhwereza pansi, ndikamangirire kuyambira panopa? Mbalame ndi mfuti zilowe liti?

Mphunzitsi_wa_agalu:

Chingwe chachitali pa masabata 10 n'chosafunika, bambo. Chimakodwa m'zitsamba, chimakakoka mwadzidzidzi, kagalu n'kumaganiza kuti kupita patsogolo kumapweteka. Nthawi yake ndi miyezi 4 mpaka 6, tsiku limene kadzakumvani bwinobwino n'kusankha kupitiriza zake. Chikhale cha mamita 8 mpaka 10, chopanda mfundo kapena chogwirira kumapeto, ndipo chimangidwe pa lamba wa pachifuwa osati pakhosi. Itanani kamodzi. Kakapanda kumva, pondani chingwe, kabweretseni pang'onopang'ono, kayamikireni kakafika. Musachigwire ndi manja opanda magolovesi galu ali paliwiro, chimasupula. Musakasiye kokha kali nacho.

Pamsinkhu womwewo samalani ndi mbuzi, nkhosa ndi nkhuku. Kuthamangitsa n'kokoma pakokha, sikufuna mphotho, ndiye galu akalawa kamodzi kumusiyitsa ndi ntchito ya miyezi. Pewaninso malo amene mbalame zikuikira mazira pansi.

Za mbalame, yambani ndi phiko louma kuti kadziwe fungo, kenaka mbalame yaing'ono ngati zinziri kapena nkhunda yomangidwa mapiko, cha m'masabata 12 mpaka 16. Nkhanga kapena tambala ayi. Kakamenyedwa ndi phiko kumaso pamsinkhu uwu kangathe kumazemba mbalame mpaka kukula, kumva fungo n'kulambalala. Phiko lomangirira pa ndodo yowedzera, lomwe anthu amakonda kujambula, kamodzi kapena kawiri n'kokwanira, chifukwa limaphunzitsa kuloza ndi maso pomwe ife tikufuna mphuno. Mbalame zam'tchire zikauluka, kasiyeni kathamangitse, musakakalipire. Kadzaona kokha kuti sikangazigwire, n'kuyamba kunyang'ama ndi kuima fungo likakafika. Kuima kumeneko n'kobadwa nako, ndipo chimene chimakuononga ndi kukalola kugwira mbalame zoweta zosauluka bwino mobwerezabwereza.

Mfuti ndiye yomaliza, ndipo pano ndisiyana ndi onse amene amati ombani mukamakapatsa chakudya kuti "muone ngati kali ndi mantha". Agalu ambiri oopa mfuti anachita kuopsezedwa ndi anthu. Dikirani mpaka kafike poti mbalame ikauluka sikamvanso china chilichonse. Mnzanu aime mamita 80 mpaka 100 ndi kamfuti ka .22 ka zipolopolo zongolira, aombe kamodzi kokha pamene galu ali pakati pothamangitsa. Galu akapanda kulabadira, ulendo wotsatira mnzanuyo asendere mamita 10 kapena 15. Galuyo akaima n'kucheuka, inu pitirizani kuyenda ngati palibe chachitika, musamusisite, ndipo bwererani ku mbalame zokha kwa masabata angapo musanayesenso muli patali kuposa poyamba. Mfuti yaikulu ya mbalame iyambirenso pamtunda wa mamita 100 womwewo. Agalu ambiri amadutsanso nyengo ina ya mantha pakati pa miyezi 6 ndi 14. Mukaona akudzidzimuka ndi zinthu zomwe anazizolowera kale, mfuti iyambe yapuma.

Mlenje_wa_zinziri:

Kuwonjezera pang'ono: kasanapite ulendo woyamba kakhale ndi kolala yokhala ndi nambala yanu ya foni, yothina moti zala ziwiri zokha n'zimene zingalowe, ndipo muziyesa sabata iliyonse poti khosi likukula. Microchip, kachipangizo kakang'ono kozindikiritsa galu koikidwa pansi pa khungu, muikitse tsiku la katemera wotsatira. Udzu ukatalika mangirirani kabelu kakang'ono pa kolalayo, muzikamva kumene kali popanda kukaitana.